Mzere Womaliza wa Kinanthi

Lolemba lija Kinanthi analowa mu ofesi chipewa cha njinga yamoto chikadali kumutu, n'kukhala pa kompyuta, n'kuyamba ntchito osachivula. Ratri, mnzake wa tebulo loyandikana nalo, anamuyang'ana kwa kanthawi ndithu, kenako anatenga supuni ya tiyi n'kugogoda pachipewacho.

"Odi, muli anthu m'menemu?"

"Wanena," anatero Kinanthi, mano onse ali pamtunda. "Dzulo masana, pa benchi ya ogulitsa supu ya soto, mpunga uli m'kamwa. Akuti tikwatirane."

"Damar yemwe uja? Amene akapunthwa pa mpando amaupepesa?"

"Yemweyo, mnzanga."

Anagwirana manja n'kuyamba kudumphadumpha mwakachetechete, poti abwana anali kuseri kwa khoma la galasi akulankhula pa foni. Kampani yawo inali yaing'ono, ya anthu asanu ndi mmodzi, yolembera mapulogalamu eni masitolo a nsalu za batiki muno mumzinda wa Solo, moti munthu ukayetsemula aliyense ankadziwa. Tsiku lonselo Kinanthi sanagwire ntchito yooneka ndi maso. Anathira shuga kawiri mu tiyi, n'kumwa, n'kunena kuti lero ndiye tiyi wakoma. Uthenga wopita kwa Damar anautumiza kwa kasitomala wina wa kumsika, ndipo mayi wachikulireyo anayankha kuti zikomo kwambiri, nawonso amamukonda, koma pulogalamu yawo ija itha liti.

Vuto linali loti pakati pa benchi ya soto ndi ukwati panali a malume ake, a Sastro. Bambo ake a Kinanthi anamwalira iye ali kusekondale, ndipo chiyambire pamenepo mayi ake sankasuntha ngakhale kabati m'nyumba asanafunse achimwene awo. A Sastro ndi amene ankawerengera banja lonse weton, ndipo atamva nkhaniyi ananena mawu ochepa chabe, kuti mnyamatayo abwere Lamlungu m'mawa adzamuwerengere.

Kwathu kuno munthu sabadwa Lachitatu n'kuthera pomwepo ayi. Pali sabata ya masiku asanu ndi awiri imene aliyense amaidziwa, ndiye palinso ya misika, ya masiku asanu: Legi, Pahing, Pon, Wage ndi Kliwon. Tsiku lako lobadwa limatenga dzina uku ndi uku, ndiye weton wakoyo, ndipo dzina lililonse lili ndi nambala yake. Awiri akafuna kukwatirana, wamkulu amaphatikiza manambala awo onse n'kumachotsa eyiti, eyiti, eyiti, ndipo chotsalacho ndicho chimanena za banjalo. Mayankho alipo eyiti, ena okoma, ena ongoti bola. Koma lilipo limodzi limene a Sastro sankamva nalo zonyengerera: Pegat, kutha kwa banja. Widuri, msuweni wake wa Kinanthi, anagwera pa Pegat zaka zinayi zapitazo, zovala zaukwati zitasokedwa kale, ndipo mpaka lero ali pakhomo pa makolo ake akuweta amphaka.

Lachiwiri Kinanthi anadzuka chimwemwe chitasakanikirana ndi kamantha. Kudikira mpaka Lamlungu kunamukanika. Ndipo anthu olemba mapulogalamuwa, ndikuuzeni, ngakhale muwafunse kuti mazira atatu kuphatikiza awiri ndi angati, sawerenga zala, amatsegula kompyuta. Nthawi ya nkhomaliro, ena atapita kukadya, anakoka mpando wa Ratri ndi Ratri yemwe ali pomwepo.

"Ndi nkhani ya mphindi khumi iyi," anatero. "Ndikapatsa masiku obadwa awiri, iko kapeze weton, kaphatikize, kagawe ndi eyiti, katenge chotsala. Kenako ndi mzere wa mafunso basi."

"Ndiye ukufuna kuwalanda ntchito a malume ako."

"Ndikungofuna kuwasuzumira m'thumba."

Mzere wa mafunsowo ndi chinthu choyambirira chimene aliyense amaphunzira pa ntchito imeneyi, ndipo eni ake amautchula ndi timawu titatu, if, elif ndi else. Kompyuta imafunsa funso loyamba. Yankho likakhala inde, imachita zimene yauzidwa n'kusiyira pomwepo, mafunso enawo osawayang'ana n'komwe. Likakhala ayi, imatsikira pa funso lachiwiri, kenako lachitatu, chonchobe mpaka pansi. Pansi penipenipo pamakhala mzere womaliza umene sufunsa kanthu, umangolandira chilichonse chimene chakanidwa pamwamba ponse.

Kinanthi, poti anali m'chikondi, sanayambire pa wani ngati anthu anzake. Anayambira pa zokoma, zoipa n'kuzikankhira pansi. Zimene analemba, kuziika m'mawu a tonsefe, zinali izi:

ngati chotsala ndi 8, Pesthi: mtendere mpaka imvi
apo ayi, ngati ndi 3, Jodoh: anabadwirana
apo ayi, ngati ndi 2: banja lolemekezeka
apo ayi, ngati ndi 5: banja lamwayi
apo ayi, ngati ndi 4: mavuto poyamba, kukoma pambuyo
apo ayi, ngati ndi 6, Padu: kukangana koma osalekana
apo ayi, ngati ndi 7: nsanje ndi zibwenzi zamseri
zikakanika zonsezi: Pegat

"Nanga wani, wa Pegat, ali kuti?" anafunsa Ratri akutafuna tempe, chokazinga cha soya chija.

"Kufunsiranji? Ana eyiti ali m'nyumba, asanu ndi awiri atuluka ukuwaona. Wotsala m'katiyo ungamufunsenso dzina?"

"Chabwino, aphunzitsi."

Mphindi khumi zija zinasanduka ola, chifukwa Kinanthi anafuna kuti yankho likamatuluka, maluwa azigwa pa kompyuta ponse ndiponso kanyimbo kaziimba. Maluwa amenewo anamudyera nthawi yambiri kuposa masamu onse. Atamaliza anayamba kuyesa kapulogalamuko pa mabanja a eni. Makolo a Ratri anatuluka amwayi, ndipo Ratri anavomera kuti bambo ake anawinapo firiji pa mpikisano wa sopo. Mchemwali wake wa Ratri anatuluka mavuto poyamba, zimenenso zinali zoona, poti chaka choyamba ankagona pa sitolo ya apongozi. Widuri ndi mnyamata wake uja anatuluka Pegat, ndendende mmene anapezera a malume. Kenako Ratri anakumbuka kuti masiku obadwa a abwana ndi akazi awo ali pa kalendala ya makeke ya mu ofesi. Analowetsa. Maluwa anagwa, kanyimbo kanaimba, ndipo panatuluka Padu, kukangana koma osalekana. Nthawi yomweyo kuseri kwa galasi kunamveka mawu a abwana pa foni akuti, "Ine sindinanene kuti mayi ako ndi ovuta, ndinati ndi osamala." Atsikana awiriwo analowa pansi pa tebulo kukasekera komweko, Ratri ataluma mpango wake, Kinanthi misozi ili chuchuchu.

"Tsopano inuyo," anatero Ratri atatuluka.

Kinanthi anapukuta manja pa siketi. Analowetsa tsiku lake, Loweruka Pahing. Analowetsa la Damar, limene kompyuta inati ndi Lachitatu Pon. Anatsinzina, n'kudina, ndipo anamva kanyimbo kakuimba. Atatsegula maso maluwa anali akugwa bwinobwino, ofiira ndi achikasu, ndipo pakati pawo panalembedwa Pegat.

Anadinanso. Pegat. Anazimitsa kompyuta n'kuiyatsanso, ngati kuti mwina inangodzuka ndi kumanzere. Pegat yemweyo, ndi maluwa ake.

"Tawerenga ndi dzanja," anatero Ratri. "Pepala ili."

"Dzanja la chiyani? Mabanja anayi ndayesa, onse kalondola. Ngakhale Widuri kamupeza. Kalakwe pa ine ndekha?"

Apa ndi pamene ndimakwiya naye Kinanthi mpaka lero. Mtsikana wa digiri yake, cholembera chili m'manja, pepala lili patsogolo, koma kukana kuphatikiza manambala awiri chifukwa choti makina anena kale. Mtima unamuwawa zedi. Anapita kubafa, analira mphindi zisanu, anasamba kumaso. Koma Kinanthi chisoni sichimukhalitsa, ndipo pobwerera kumpando wake maso anali akuwala mwa mtundu wina, umene Ratri ankaudziwa bwino n'kumauopa.

"A malume sangasinthike," anatero. "Eyiti sangasinthike. Chosinthika ndi chimene ukulowetsa."

"Iwe Kinanthi."

"Tsiku langa amalidziwa, anali pakhonde la chipatala ndi ambulera yawo. Koma la Mas Damar alidziwira kuti?" Mas ndi mawu aulemu oitanira mwamuna kwathu kuno.

Basi anayamba kumusuntha Damar pa kalendala ngati mphika pamoto. Anamukankhira kutsogolo tsiku limodzi, panatuluka Padu. Anamubweza tsiku limodzi, Padu yemweyo. "Mnyamata wako ngwandewu mbali zonse," anatero Ratri. Anamukankhira kutsogolo masiku awiri, Pegat anabweranso. Koma atamubweza masiku awiri, kufika Lolemba Legi, maluwa anagwa ndipo panalembedwa Jodoh, anabadwirana. Kinanthi anaipsompsona kompyuta. Ratri ananena kuti iye zimenezi sakuzidziwa, sanazione, ndipo akadzafunsidwa adzati anali kunkhomaliro, koma ankanena zimenezi akuvina ndi mapewa.

Lachitatu madzulo Kinanthi anakamudikira Damar pageti la sukulu ya pulayimale imene ankaphunzitsa. Damar anali munthu wamtali, wofatsa, wa makutu oti akachita manyazi amafiira mpaka aliyense kuona. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, ndipo Kinanthi anamufotokozera zonse, foni ili m'manja, maluwa akugwa.

"Ine Pegat sakundiopsa," anatero Damar. "Ndingathetse banja ine? Ndimalephera kuthetsa ngakhale msonkhano wa makolo."

"Mas, si iwe woopa kapena wosaopa. Ndi a malume. Wamuona Widuri?"

"Wa amphaka uja?"

"Alipo khumi ndi mmodzi tsopano."

Damar anaganiza za amphakawo.

"Ndi mawu awiri okha," anatero Kinanthi. "Tiye tiyese. Ine ndine a malume." Anakweza chibwano, n'kukhosomola, n'kulankhula ndi mawu a pansi. "Mnyamata, unabadwa liti?"

"Lachita... Lolemba."

"Ayi. Mnyamata, unabadwa liti?"

"Lolemba Pon."

"Legi, Mas. Lolemba Legi."

"Lolemba Legi, pepani."

"Usapepese. Munthu sapepesa tsiku lobadwa. Komanso makutu akowo."

"Atani?"

"Afiira ngati tsabola."

Anayeserera mpaka ana a sukulu onse anatha pabwalo. Kinanthi ankamudzidzimutsa ndi funsolo pakati pa nkhani zina, akumwa madzi, akumanga nsapato, akuliza njinga. Pamapeto pake Damar ankatha kunena Lolemba Legi osaphethira, ndipo za makutu anagwirizana zoti avale nduwira yake yabatiki n'kuitsitsa pang'ono. Ankaseka ngati ana oba mango, ndipo kunena zoona Kinanthi anali asanamukondepo Damar ngati tsiku limenelo, pomuona munthu wosatha bodza akutuluka thukuta kuliphunzira chifukwa cha iye.

"Amayi ako sabwera eti?" anafunsa Kinanthi pokwera njinga.

"Lamlungu? Ndi tsiku la msika, sangasiye benchi yawo."

Lamlungu m'mawa a Sastro anakhala pakhonde pawo atavala malaya a mizeremizere, njiwa zawo zikulira m'zitete zolendewera kudenga. Patebulo panali kathumba ka nthangala za bwemba, zakuda, zosalala ndi kugwiridwa kwa zaka zambiri. Mayi ake a Kinanthi ankalowa ndi kutuluka ndi tiyi amene palibe anamupempha. Kinanthi anakhala pamkeka mwaulemu wonse, koma m'mimba mwake munali chikondwerero, moti ankadzitsina pantchafu kuti asamwetulire.

Njinga ya Damar inalowa pageti nthawi yake yeniyeni. Kumbuyo kwake kunakhala mayi wamfupi, wonenepa, atanyamula bokosi la zitumbuwa za serabi pamiyendo.

"Ndati benchi ikhale," anatero mayiwo akutsika. "Mwana wanga akukawerengedwa, ine ndizikagulitsa tempe? Ndine mayi Tumirah, bambo. Pepani tabwera ndi tochepa."

Damar anayang'ana Kinanthi ndi maso a mbuzi yopita kumsika. Kinanthi anamugwedezera mutu pang'ono kuti limba, mwina mayiwo akhala akucheza ndi anzawo za mitengo ya mafuta. Analonjerana, anamwa tiyi, anayamikira njiwa, anadandaula za mvula. Kenako a Sastro anamasula kathumba kaja.

"Wathuyu ndimamudziwa," anatero. "Loweruka Pahing. Naini ndi naini." Anawerenga nthangala 18 n'kuziika kudzanja lamanja. "Nanga iwe mnyamata, unabadwa liti?"

Damar anakonza nduwira yake. "Lolemba Legi, a malume."

Ananena bwino zedi, osaphethira, osapepesa. Kinanthi anafuna kuwomba m'manja. A Sastro anawerenga nthangala zinayi za Lolemba ndi zisanu za Legi, ndipo anali pafupi kuziphatikiza ndi zinazo pamene kapu ya mayi Tumirah inagunda pambale.

"Lolemba?" anatero mayiwo. "Iwe Damar, wati Lolemba?"

"Amayi..."

"Lolemba ndinali ndikadali nawe m'mimba, ndikukazinga tempe kumsika miyendo itatupa ngati mitondo. Lachiwiri ndinaswera pamkeka wa azamba ndikubuula, iwe ukukana kutuluka. Unabwera Lachitatu Pon dzuwa lili paliwombo, ndipo unabwera ndi mutu waukulu womwewo. Masiku 35 alionse, likakwana Lachitatu Pon, ndimadzuka kukuphikira phala lofiira ndi loyera kuti uyende bwino padziko. Zaka 29 ndakhala ndikuphika, sindinaphonyepo ngakhale pamene ndinathyoka mkono. Ndiye lero ukuti Lolemba. Ndakhala ndikuphikira mwana wa yani?"

Makutu a Damar anafiira mpaka nduwira inalephera kuwabisa. "Pepani amayi," anatero. "Pepani a malume. Pepani mayi." Anatembenukira kwa mayi ake a Kinanthi, kenako kwa Kinanthi, ndipo akanapitirira mpaka kwa njiwa a Sastro akanapanda kukweza dzanja.

Mkuluyo sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangobweza nthangala naini zija m'thumba imodziimodzi, n'kuwerenga zina, seveni za Lachitatu ndi seveni za Pon. Anaziphatikiza ndi za Kinanthi pakati patebulo, mulu umodzi, n'kuyamba kupatula. Eyiti zoyamba anazikankhira pambali. Eyiti zachiwiri anazikankhiranso.

Kinanthi anaona Widuri m'maganizo mwake, atakhala pakhonde, amphaka ali pamiyendo. Mantha ndi manyazi zinamugwira pamodzi, ndipo anapezeka atayamba kulankhula asanapemphe.

"A malume, musavutike, ndi Pegat. Ndakhala ndikudziwa kuyambira Lachiwiri. Bodzali ndaphika ndine, Mas Damar ndinachita kumukakamiza pansi pa mtengo wa mango, iye satha n'komwe. Mundikalipire ine. Koma ndinene pamaso panu ndi pamaso pa amayi kuti ine munthu uyu sindimusiya. Kaya nthangala zinena zotani, ine amphaka sindiweta. Ngati n'kutha kwa banja, lithe titalowamo kaye, tione kuti alithetse ndani, poti uyu sangathe ndipo ine sindikufuna."

Mayi ake a Kinanthi anagwira pakamwa. Damar anamuyang'ana kukamwa kuli yasa. M'banja limenelo munthu anali asanayankhulepo chotero kwa a Sastro chibadwire.

"Ukundisokoneza," anatero a Sastro osadzutsa mutu. "Ndinali pa zingati?"

"Milu iwiri, bambo," anayankha mayi Tumirah.

Anapatula eyiti zachitatu. Anapatula zachinayi, imodziimodzi, chala chikukankha nthangala iliyonse mosafulumira. Itapita yomaliza, pakati patebulo panatsala mbee. A Sastro anapukutapo ndi chikhato.

"Zatsala zingati, iwe wa makina?"

"Palibe, a malume."

"Palibe. Ndiye kuti mulu womaliza wadzaza, eyiti yathunthu, yosaperewera, yosasefukira. Imeneyi ndi Pesthi. Chiyambire kuwerengera anthu ndaiona katatu kokha. Pegat wakoyo wamutenga kuti?"

Kinanthi anayang'ana milu inayi ija. 18 ndi 14, zonse 32. Kugawa ndi eyiti, kanayi, chotsala ziro. Ziro. Mutu wake unathamangira ku mzere wa mafunso uja n'kuyamba kutsika nawo. Kodi ndi 8? Ayi, ndi ziro. Ndi 3? Ayi. Ndi 2, ndi 5, ndi 4, ndi 6, ndi 7? Ayi, ayi, ayi. Kompyuta ikagawa ndi eyiti singatsaze eyiti, ngakhale mwana wa chaka choyamba kukoleji amadziwa zimenezo. Funso lake loyamba lija, lokoma kuposa onse, linali loti silingavomere mpaka dziko kutha. Ndiye Pesthi wawo anagogoda pa mafunso onse asanu ndi awiri, onse n'kumukana, mpaka anakagwera pa mzere womaliza umene sufunsa munthu dzina. M'nyumba muja munali ana naini, osati eyiti.

Kuseka kunamuyamba m'mimba. Anayesa kukubweza, kunatulukira m'mphuno. Anagwira pakamwa ndi manja onse awiri, mapewa akugwedezeka, misozi ikutsika, mpaka anagwera chammbali pamkeka pamaso pa apongozi ake a mawa. Damar, osadziwa n'komwe chosekacho, anayamba kuseka nawo chifukwa cha mpumulo. Mayi ake a Kinanthi ankangoti, "Mwana uyu, mwana uyu," uku akuthira tiyi m'kapu yodzaza kale.

"Ndi ziro, a malume," anatero Kinanthi atapeza mpweya. "Kompyuta ndinaiuza kuti iyembekeze eyiti, koma iyo imati ziro. Ndiye itasowa poika ziroyo inamuponya pansi penipeni."

"Pansi penipeni pali chiyani?"

"Pegat."

"Ndiye makina akowo akasowa chonena amathetsa mabanja a anthu?"

"Ndinawauza ndine kuti azitero."

"Hmm," anatero a Sastro. Anayamba kubweza nthangala m'thumba, ndipo mmene ankabwezeramo kuseka kwa Kinanthi kunaphwa, chifukwa nkhope ya mkuluyo sinasinthe. Atamanga kathumbako anakaika pamiyendo.

"Nthangala zavomera," anatero. "Ine ndilibe nazo mlandu, ndipo zoti wandiyankha pakhonde panga tidzakambirana tsiku lina. Koma inu awiri mwawabera mayi awa masiku awiri. Masiku amenewo si anga, si a nthangala, ndi awo, anawamva kuwawa okha. Akati ayi, ine thumba ndamanga kale, ndipo Pesthi ameneyu mukamudyera kwina."

Kinanthi anakonza mpango wake, anayenda chogwada kudutsa mkeka wonse mpaka pamapazi a mayi Tumirah, n'kuweramitsa mutu. Nthabwala zonse zinamuthera. Anaona tsopano kuti sabata yonseyi ankasewera ndi kalendala ngati kuti ndi manambala chabe, osaganizako kuti kuseri kwa Lachitatu limenelo kuli munthu.

"Ndalakwa, mayi," anatero. "Ndinaopa kumutaya, ndiye ndinachita zopusa."

Mayi Tumirah anatsegula bokosi lawo lomwe, anatenga serabi imodzi, n'kuidya yonse pang'onopang'ono akumuyang'ana pamutu. Anapukuta zala pa kansalu.

"Phala umatha kuphika?"

"Pang'ono, mayi."

"Limenelo ndi bodza lachiwiri."

"Sinditha, mayi."

"Ndinaona manja ako polowa." Anapumira m'mwamba. "Lachitatu Pon likubwerali kwatsala masiku khumi. Ubwere kwathu m'mamawa usanapite ku makina akowo, ndipo shuga wofiira ubwere naye wekha, wanga sindikupatsa. Ndikuonetsa kamodzi kokha. Ine ndaphika zaka 29, mkono uno watopa. Kuyambira pamenepo phala limenelo ndi lako, masiku 35 alionse, kaya mwakangana kaya simunakangane. Tione ngati udzaiwalenso tsiku limene ndinabereka mwana wanga."

Kinanthi anasendera pafupi. Anangotenga dzanja la mayiwo, lonunkhira mafuta okazingira, n'kuliika pamphumi pake, ndipo mayi Tumirah sanalichotse.